Chikalata Cholandiridwa ndi Manja Awiri

Ndege ya ku Addis inali yonyamuka 11 koloko pa bwalo la Dulles, ndipo pa mndandanda wa okwera apolisi anali atapezapo kale maina awiri: Gibson Kaliwo ndi mwana wake Daisy, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Matikiti opita okha. Gibson anamutenga mwanayo dzulo lake masana pamene ankatsika basi ya sukulu ku Wheaton, ndipo kuyambira pamenepo foni yake inali zii.

Tsopano inali hafu pasiti sikisi, Lachisanu m'mawa. M'kachipinda ka kupolisi konunkha khofi wopserera munakhala amayi atatu. Panali Sylvia, mayi wa mwanayo, diso lamanzere likadali lotupa ndi chibakera cha Lamlungu. Panali Nicole Barrow, wapolisi wofufuza milandu, mayi wosawononga mawu. Wachitatu anali Christobel Kamwendo, amene anali atatha zaka makumi atatu mu America, zambiri mwa izo akusambitsa nkhalamba za eni, zotsalazo akutanthauzira Amalawi kukhoti ndi kupolisi, poti Chingerezi chimathawa munthu mantha akalowa.

Lero Christobel sanabwere ngati wotanthauzira chabe. Ndiye amene anamukoka Sylvia dzanja Lolemba kupita naye kwa woweruza. Ndiye amene anamuyalira pa sofa yake. Woweruza anapereka chiletso: Gibson asayandikire mkazi kapena mwana, ndipo mwana akhale ndi mayi ake. Lachiwiri masana foni ya Sylvia inalandira uthenga woti chiletsocho chafika m'manja mwa mwini wake. Ndipo Christobel, ndi pakamwa pake pomwepa, anati, "Mulole mwana apite ku sukulu. Kuno si kwathu, mwanawe. Kuno pepala limaluma."

"Ndikuuzeni mmene zilili," anatero Nicole m'Chingerezi, Christobel akutsatira pansipansi m'Chichewa. "Ngati mwamuna wanu analandira chiletsocho, ndiye kuti waphwanya lamulo. Nditenga waranti yomumangira pasanathe ola, ndipo apolisi a pa bwalo la ndege amugwira pa geti. Ngati sanalandire, ndi bambo chabe amene ali pa ulendo ndi mwana wake."

"Analandira," anatero Sylvia. "Uthenga ndi uwu."

"Pepala lathu likunenanso choncho. Lachiwiri, 1:40 masana, pa nyumba yanu ku Silver Spring." Nicole anatembenuza kope lake. "Koma ndaimba kumene amagwira ntchito, kunyumba yosamalira okalamba. Lachiwiri analowa 7 koloko m'mawa, anagwira mashifiti awiri osatuluka. Kumeneko amalowa ndi kutuluka podinda chala pa makina. Anamwino atatu akuti 1:40 ankadyetsa nkhalamba phala."

Sylvia anayang'ana Christobel, kudikira kuti mawuwo asinthe akalowa m'Chichewa. Sanasinthe.

"Sindingalumbire pamaso pa wopereka waranti ndili ndi mapepala awiri otsutsana," anatero Nicole, akunyamula makiyi. "Wina analandira chikalata chija. Ndikufuna nkhope yake."

* * *

Wapolisi amene anapereka chikalatacho, Alvin Tate, anamupeza poimika magalimoto akusanja mulu wa maenvelopu a tsikulo pa mpando. Anali chimunthu chachitali, chotopa kale dzuwa lisanakwere.

"Lachiwiri ndinali ndi mapepala makumi awiri ndi limodzi," anatero. "Masamani a mboni, zikalata zotulutsa anthu m'nyumba, ziletso zinayi. Wina anandithira madzi a mopu. Wina anayankhula nane pa zenera, ati mwini wake anamwalira, ndikumuona ndi maso kuti ndi iyeyo. Koma wanuyu ndikumukumbukira."

"Chifukwa?" anafunsa Nicole.

"Anandithokoza."

"Yambira poyambira."

"Ndinagogoda. Anatsegula bambo wachikuda, wazaka zapakati, malaya ositidwa. Ndinati, 'Mr. Kaliwo?' Anati inde. Ndinati, 'Are you the respondent?' Anati, 'Yes, I am the one.' Ndinamuwerengera zoletsedwazo chimodzichimodzi, iye akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Ndiye analandira."

"Chitupa unachiona?"

Alvin anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Munthu wavomera dzina, wavomera mlandu, ali m'nyumba yolembedwa pa pepala. Enawo ndimachita kuwathamangitsa pa masitepe. Ndimufunsenso chitupa woti wadzipereka yekha?"

Nicole anamuonetsa chithunzi cha Gibson pa foni. Alvin anachiyang'ana nthawi yaitali, nakanda chibwano. "Mphuno ndi yomweyo. Mwina. Zitseko makumi awiri ndi chimodzi, Nicole."

Christobel sanafune kulowerera, koma funso linatuluka lokha. "Analandira bwanji, bwana?"

"Bwanji motani?"

"Ndi dzanja liti?"

"Onse awiri." Alvin anatambasula zikhatho zake zazikulu, napinda mawondo pang'ono, kutsanzira. "Chonchi. Ngati ndikumupatsa mphatso ya ukwati."

Christobel anakumbukira kwawo. Bambo ake anali mesenjala wa khoti kwawo, wa yunifomu ya khaki ndi njinga yolira unyolo. Samani ikatuluka, iwo sankafunsa dzina. Ankadziwa munthu, mayi ake, munda wake, ndi mtengo umene amabisalamo. Khoti limenelo analipeza zaka zisanu zapitazo litasanduka mosungira matumba a feteleza, ndipo ana a mlongo wake ankamulonjera m'Chingerezi ngati mlendo wa bungwe. Kwawo kunalibenso odziwa nkhope yake, ndipo kuno kunalibe odziwa nkhope ya aliyense. Dziko la makamera pa ngodya iliyonse, koma lamulo lake lonse lapachikidwa pa funso limodzi lofunsidwa pa chitseko.

Ndipo Gibson amene iye ankamudziwa sanalandirepo chinthu ndi manja awiri, ngakhale mgonero.

* * *

Anafika ku Silver Spring itangokwana 8 koloko. Moyang'anizana ndi chitseko cha a Kaliwo munkakhala Mwangala, namwino wa ku Lusaka, amene anatsegula atavala chitenje pamwamba pa yunifomu. Ataona Sylvia anamukumbatira, ataona Nicole anaumitsa nkhope, ndipo mawu ake onse, a Chinyanja cha ku Lusaka, anawalunjika kwa Christobel.

"Ba Christobel, imwe, ine nenze nagona, nachoka ku night. Manje namvela ngo ngo ngo kwa ba Gibson. Ati police. Nanyamuka, naika liso pa kabowo ka door."

"Munaona ndani?"

"Kapokola uja, wa police, ni mukulu maningi, anatseka door yonse na msana. Nkhope sininaione, sinizanama. Koma matu yanga ni yabwino."

"Munamva chiyani?"

"Kuomba mumanja. So." Anawomba katatu, mofatsa, zikhatho zitapindika. "Elo ati, thank you officer, God bless you, the matter has arrived. Ba Gibson aja? Olo muwapase mchele sibakamba zikomo. Tsiku lina nabagwilila lift, banangena monga ni ya batate babo."

Christobel anatanthauzira. Nicole analemba.

"Na nsapato," anawonjezera Mwangala, asanafunsidwe. "Zenze pa mat panja. Zakuda, zo shaina, ungaonelemo nkhope. Ba Gibson bamavala ma sneakers ya ku nchito, elo sibavula, bamangena nazo mpaka ku bedroom. Ba Sylvia, nanama?"

Sylvia anapukusa mutu.

Christobel anachedwa kutanthauzira za nsapatozo. Anazidziwa. Ankaziona Lamlungu lililonse pa mzere woyamba m'tchalitchi. Anayang'ana wotchi: 8:20. Akanangokhala chete maola atatu, pepala la Alvin likanakhalabe loona, ndipo mwina Nicole akanatopa ndi kukayika n'kukatenga waranti. Koma Nicole anali atamva kale mawu akuti "sneakers" ndi "mat", ndipo sanali mwana.

"Mayi Kaliwo," anatero, kutembenukira kwa Sylvia, "ndani wina ali ndi kiyi ya nyumba ino?"

Christobel anafuna kumuponda phazi. Anachedwa.

"Alamu anga," anayankha Sylvia mosaganizira. "A Ferdinand, akulu awo a Gibson. Koma iwo ndi munthu wa Mulungu, sangabe mwana."

"Dzina lawo lachiwiri?"

Apa ndi pamene Sylvia anamva yekha chimene ananena. 

"Kaliwo."

* * *

Ferdinand Kaliwo ankayendetsa galimoto ya kazembe wina pa Massachusetts Avenue, msewu wa mbendera za maiko onse. Anafikako 9:25, atalimbana ndi mzere wa magalimoto. Sylvia anatsala m'galimoto, nkhope m'manja. Ferdinand anali panja pa geti akupukuta galasi la galimoto yakuda ndi kansalu kachikasu, ndipo nsapato zake zinkawala kuposa galimotoyo.

"ANabanda!" anatero, kumutcha Christobel ndi mfunda wake monga ankachitira ndi aliyense. "M'mawa uno? Kwagwanji?"

Christobel anayankhula mwachangu, m'Chichewa, akumwetulira kuti Nicole aone ngati ndi malonje. "Abambo, ndimvereni. Mayi awa akufunsani za Lachiwiri. Musayankhe kanthu mpaka 11 koloko. Nenani kuti muli pa ntchito. Nenani kuti mukufuna loya. Chilichonse."

"Ndibise chiyani? Ine sindinabe."

"Mwamuuza chiyani?" anafunsa Nicole.

"Ndamupatsa moni."

"Moni wautali." Nicole anamuyang'ana Christobel m'maso kamphindi, kenaka anatembenuka. "Bambo Kaliwo, Lachiwiri masana munali kuti?"

"Kunyumba kwa mng'ono wanga," anayankha Ferdinand m'Chingerezi chake cha ku mishoni, chowongoka ngati mzere wa malaya ake. "Anandiimbira kuti mkazi wathawa. Ndinapempha maola awiri kuno, ndinapita kukaona mmene nyumba ilili."

"Kunabwera wapolisi?"

"Mnyamata waulemu kwambiri."

"Abambo," anatero Christobel, kufuna kumuletsa.

Ferdinand anatsegula chitseko cha galimoto, natulutsa Baibulo la chikopa chokhala ndi zipi. Anatsegula zipiyo mosamala. Pakati pa masamba panali chikalata chopindidwa katatu, choyera, chopanda ngakhale banga la chala. Anachikweza monyadira.

"Nachi. Sindinataye."

Nicole anatseka maso pang'ono. "Wapolisi anakufunsani ngati ndinu respondent."

"Ndipo ndinavomera, chifukwa ndine."

"Dzina lanu ndi Gibson?"

"Sanandifunse za Gibson. Anandifunsa ngati ndine Kaliwo, ndipo ngati ndine woyankha." Apa Chingerezi chinamuchepera, natembenukira kwa Christobel. "ANabanda, afotokozereni mayiwa, inu mukudziwa mwambo. Woyankha pa banja la Gibson ndani? Tsiku la chinkhoswe ku Namadzi anaimirira ndani? Thadzi analandira ndani pamaso pa anthu? Ine. Ndine nkhoswe. Banja likadwala, nkhani sipita kwa mwamuna ngati kalata ya magetsi. Imafika kwa ine, ine ndiitana nkhoswe ya kuchikazi, tikhala pansi. Boma la kuno linachita bwino kudzera pa khomo loyenera. Ndinadabwa nkudabwa kuti amadziwa."

Christobel anatanthauzira liwu ndi liwu. Mawu ake omwe ankamveka ngati a munthu wina. Anafotokoza kuti nkhoswe ndi wachibale amene amaimira mwamuna kapena mkazi pa nkhani zonse za ukwati, kuti kwawo mlandu wa banja amayankha ndi iyeyo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri iye mwini ankamasulira "respondent" kuti "woyankha mlandu", ndipo sanaonepo dzenje limene linali m'kati mwa mawuwo.

"Munamupatsa Gibson chikalatachi?" anafunsa Nicole.

"Ayi. Munthu wokwiya sapatsidwa pepala lotere, amang'amba. Ndinamuimbira madzulo ake. Ndinamuuza kuti mkazi wako wakusumira, akufuna akulande mwana, koma usade nkhawa, chikalata chili ndi ine ndipo sichituluka mpaka tikambirane Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi."

"Anati chiyani?"

"Anafunsa kawiri ngati ndinasaina dzina lake penapake. Ndinati ayi. Ndiye anati, zikomo achimwene." Ferdinand anamwetulira. "Gibson kunena zikomo. Ndinadziwa kuti mtima wayamba kufewa."

Basi inadutsa, mbendera za pa mageti zikukupiza.

"Koma anamva," anatero Christobel kwa Nicole, atasiya kutanthauzira, akudziyankhulira yekha tsopano. "Mwamva nokha. Anauzidwa Lachiwiri. Ankadziwa zonse. N'chifukwa chake anagula matikiti."

"Anamva kwa mkulu wake kuti kuli pepala. Sanaliwerenge, sanawerengeredwe, silinakhudze dzanja lake. Wopereka waranti andifunsa funso limodzi, ndipo yankho lake lili m'Baibulo umo."

"Ndiye musamuuze. Pepala la Alvin likuti analandira. Mukanabwera kuno 12 koloko bwezi mukudziwa chiyani?"

"Koma ndabwera 9:25." Nicole anatulutsa foni. Mawu ake anafewa pang'ono, ndipo kufewako kunamuopsa Christobel kuposa ukali. "Nditumiza kope la chiletso ku bwalo la ndege, mwina apeze wapolisi woti amupatse pa geti. Koma Dulles ili ku Virginia, ndi boma lina, ndipo popanda waranti ndikupempha, sindikulamula. Ndiimbiranso woweruza kuti aletse mwana kutuluka m'dziko. Ali m'khoti ndi milandu ina. Ndiyesa."

Anapita pambali, foni kukhutu.

"Bwalo la ndege?" anafunsa Ferdinand. "ANabanda, akunena za ndege yanji?"

Christobel anamuuza. Sanasankhe mawu ofewa.

Ferdinand anaseka kaye, kuseka kwa munthu amene wamva nthabwala yoipa. "Ayi. Ayi, mwasokoneza. Anandilonjeza Lamlungu. Ndabwereka kale mipando isanu ndi umodzi ku tchalitchi. A nkhoswe a kuchikazi akuchokera ku Baltimore." Anatulutsa foni, naimba. Inalira mawu a makina. Anaimbanso. "Mwina ali pa ntchito. Salola mafoni kumeneko."

* * *

Anadikira pa benchi ya pa siteji ya basi, poti panalibe kwina kopita kumene akanafika nthawi isanathe. Nicole ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa msewu. 10 koloko, kalaliki wa woweruza anati adikire. 10:20, a ku bwalo la ndege anati kope lafika koma tsamba lachiwiri silikuwerengeka, atumizenso. 10:40, anati wapolisi wanyamuka wapansi kupita ku geti, ndipo getilo lili ku nyumba ina, yokwerera sitima.

Sylvia anali atatuluka m'galimoto. Sanalire. Anakhala pakati pa Christobel ndi mpanda wa galasi, akupotokola lamba wa chikwama chake. Ferdinand anaima patsogolo pake, kansalu kachikasu kakadali m'thumba.

"Alamu," anatero, "ine ndinkafuna kumanga banja. Za m'nyumba zikapita kwa azungu sizibwerera. Ndinkati tikonze mwa ife tokha."

"Diso ili munaliona, alamu?"

"Ndinamva."

"Chaka chatha ndinabwera kwa inu ndi dzino m'kansalu. Munati banja ndi kupirira. Munapemphera. Ndinapirira." Mawu ake anali osalala, opanda mkwiyo, ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. "Daisy sadziwa Chichewa. Amangomva 'bwera kuno' ndi 'khala chete'. Mankhwala ake a chifuwa ali m'chikwama muno. Akafika kwa apongozi anga, akapempha madzi m'chiyankhulo chanji?"

Ferdinand anayang'ana nsapato zake. 

Nicole anabwerera 11 koloko itapitirira ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Sanafunike wotanthauzira. Anaika foni m'thumba, naima patali pang'ono, manja kumbuyo.

"Wapolisi anafika chitseko cha ndege atatseka kale," anatero. "Pali njira zina. Makalata opita ku boma la kwanu, maloya. Zimatenga nthawi." Sanatchule kuti nthawi yake ndi yaitali bwanji, ndipo Christobel, amene ankadziwa mmene mafailo amagonera m'makabati a kwawo mpaka chiswe kuwapeza, sanafunse.

Sylvia anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amayi," anatero kwa Christobel, "munati kuno pepala limaluma."



Ferdinand anali atatsegulanso Baibulo. Anatulutsa chikalata chija, nachiwongola bwinobwino pa chifuwa. Anayang'ana Nicole, Nicole anayang'ana kumsewu. Ndiye anapinda mawondo pamaso pa mlamu wake, nachitambasula ndi manja awiri.

Sylvia sanasunthe. Basi inaima, inatsegula zitseko, inadikira, inatseka, inapita. Ferdinand anakhalabe chomwecho, nsapato zikuwala, manja ali m'malere.